Silabu Ithe Kaye

Pa nyumba iliyonse yosanja imene ikumangidwa sipalephera kupezeka mayi wonga Nankhata. Dzinalo anamupatsa ndi amisiri chifukwa cha nkhata yake ya nsanza za ovolosi, imene sankaisiya pansi ngakhale popita kuchimbudzi. Ntchito yake inali kusenza: njerwa, mchenga, madzi, konkire, chilichonse chimene mwini nyumba waona kuti mutu wa munthu ndi wotchipa kuposa makina. Anaiyamba ali mtsikana, ndipo pofika nthawi ya nkhani ino tsitsi la paliwombo linali litasosoka, khosi litakula ngati la mwamuna. Sankaseka chisawawa. Anzake ankati ndi wamwano, koma ankalakwa. Mayiyu anali wotanganidwa mumtima, poti anali ndi mawu amene ankasungira munthu mmodzi, ndipo ankawanola tsiku ndi tsiku. Munthuyo anali Kapitawo, mlamu wake.

Nankhata anali ndi mng'ono wake mmodzi, amene anamulera yekha makolo atamwalira, mpaka iye mwini Nankhata kusiya sukulu asanadziwe kulemba china kuposa dzina lake. Mng'onoyo anthu ankamutcha Wailesi. Mwana uja pakamwa, abale! Ankakwera makwerero a matabwa beseni la konkire lili pamutu, uku akuimba, uku akutsanzira kayendedwe ka injiniya, mpaka amisiri kugwira m'mimba ndi phwete. Nankhata ndiye anamupezera malo pantchitopo, ndipo m'pamene Kapitawo anamuonera. Anali mwamuna wooneka bwino, shati yopisira, pensulo kuseri kwa khutu lamanja, thonje m'khutu lamanzere, chifukwa khutu limenelo linkatuluka mafinya kuyambira ali mwana ndipo sanalipititsepo kuchipatala. Chaka chisanathe awiriwo anakwatirana.

Tsono amene simunasenzepo katundu wa eni mudziwe kuti osenza khosi limawapweteka tsiku lililonse. Kudandaula za khosi pakati pawo n'kufuna kusekedwa. Amapakana mafuta otentha aja, kufinyana pamapewa, kumeza timapiritsi ta mutu, basi n'kubwerera pamzere. Mudziwenso za tsiku lothira silabu, konkire ija imene imakhala denga kwa apansi, pansi kwa am'mwamba. Ikayamba kuthiridwa siimitsidwa. Mbali imodzi ikauma inzake isanafike, ziwirizo sizigwirana, pamatsala msoko umene umadzadontha ndi kung'ambika. Choncho tsiku la silabu Kapitawo ankakhoma geti, makiyi n'kuponya m'thumba. Wina mkazi wake ali kuchipatala kokachira, wina chala chaphwanyika, yankho linali limodzi lokha: silabu ithe kaye.

Wailesi anadwala tsiku la silabu. Anadzuka mutu ukumuwawa, thupi lotentha, koma anabwera ndithu. Mmene dzuwa limakwera anali atasiya kuimba. Anakasanza kuseri kwa mulu wa njerwa, anakokera duku m'maso ati kuwala kukumulasa, n'kuuza mkulu wake kuti khosi lauma. Nankhata anamupaka mafuta aja, namufinya pamapewa monga mwa masiku onse. Koma chakumasana anaona mng'ono wake akutsika makwerero mofufuza ndi phazi, osatha kuweramitsa mutu kuti aone poponda. Atamuitana, Wailesi anatembenuka thupi lonse ngati thabwa, n'kumuyang'ana ngati samudziwa.

Nankhata anathamangira kwa Kapitawo. Mayi amene sanagwadirepo mwamuna anagwada pakati pa miyala, pamaso pa amisiri onse, kupempha lole kuti ikamutule mwanayo kuchipatala, kaya geti lokha litsegulidwe amubereke kumsana. Kapitawo sanamuyang'ane n'komwe. Maso ake anali pa konkire.

"Alamu, khosi la ndani silikupweteka pano? Silabu ithe kaye."

Anawonjezera kuti akatulutsa mkazi wake, mawa aliyense adzati Kapitawo ngokondera. Wailesi anamugoneka pa matumba opanda kanthu m'kanyumba kamalata kosungiramo simenti, ndipo anakhala mmenemo, akubwebweta, mpaka dzuwa kupendeka.

Kuchipatala nesi anaika dzanja kunkhongo kwa Wailesi, nayesa kupinda mutu kuti chibwano chigunde pachifuwa. Mutu unakana, mwana anakuwa. Anamutenga madzi a pamsana ndi singano, ndipo anatuluka oyera mbuu ngati otsukira mpunga. Dokotala, mayi wotopa wa magalasi, anafotokozera Nankhata kuti awa ndi matenda oumitsa khosi. Anati ena amabwera ndi mavayirasi, ndipo kawirikawiri amamuzunza munthu n'kumusiya. Koma awa anali a mabakiteriya amene alowa m'kachikopa kokuta ubongo, ndipo oterewa sadikira munthu aweruke. Anafunsa kuti anayamba liti. Nankhata atayankha kuti m'mawa, dokotala anangovula magalasi n'kupukusa mutu. Wailesi anamubaya majakisoni amphamvu masiku ambiri, ndipo moyo anaupulumutsa. Makutu onse awiri anafa.

Zimene zinatsatira n'zochititsa manyazi kuzikamba. Wailesi ankayesa kulankhula, koma posadzimva mawu ankatuluka okhota, mwina okwera kwambiri, mwina onong'ona, ndipo ana a m'misewu ankamutsanzira. Pang'ono ndi pang'ono anatseka pakamwa. Kapitawo anapirira miyezi yowerengeka, kenako anayamba kuuza anzake kuti nyumba yasanduka manda, kuti iye sangakuwe kuntchito tsiku lonse n'kudzakuwanso kunyumba. Loweruka lina anamukweza mkazi wake pa lole, chikwama chake pambali, n'kudzamutula pakhomo pa Nankhata. Inde, lole yomwe ija imene anamukaniza akufa. Posakhalitsa anakwatira mkazi wogulitsa penti, wa zikhadabo zofiira.

 Tsiku limenelo Nankhata anangotsitsa chikwama, anamulowetsa mng'ono wake m'nyumba, ndipo Lolemba anapita kuntchito ngati palibe chachitika. Anthu ankadabwa kuti mayiyu alibe mtima kapena bwanji, kumasenzabe njerwa za munthu woteroyo. Kapitawo naye anamusunga, poti panalibe wosenza womuposa, komanso ankafuna anthu aone kuti iye ndi alamu ake palibe chidani. Sankadziwa kuti mayiyu watsalira dala. Kulalata tsiku lomwelo kukanangomuchotsetsa ntchito, Kapitawo n'kuseka, mawa n'kuiwala. Iye ankafuna tsiku limene mwamunayu adzakhale pansi, wopanda makiyi, wopanda pothawira, adzamve mawu aliwonse mpaka omaliza. Pokwera makwerero ankawabwereza chamumtima, apa kuchotsa, apa kuwonjezera, ndipo katundu ankapepuka.

Kunyumba moyo unapeza njira yake. Wailesi anapeza kagulu ka anthu osamva kamene kankakumana m'holo ina, anaphunzira kulankhula ndi manja, anaphunziranso kusoka, n'kumagamba maovolosi a anthu pakhonde. Anayesetsa kuphunzitsa mkulu wake, koma Nankhata anangogwira zinayi kapena zisanu: kudya, madzi, kugona, tseka chitseko. Ankati manja ake ndi a fosholo, sangathe zovinavina. Chimene chinkamupsetsa mtima ndi chithunzi chaukwati chimene Wailesi ankasunga pansi pa chikwama. Tsiku lina anachipeza n'kuching'amba pakati. Patapita sabata anachipezanso, chitamatidwa bwinobwino ndi selotepi. Anangotsonya n'kuchibwezera.

Zaka zinadutsa, nyumba zinakwera, mimba ya Kapitawo nayo inakwera. Kenako kunabwera silabu yaikulu ya nyumba ya maofesi, m'nyengo yotentha. Kapitawo anafika chipewa atachikokera m'maso, thonje la m'khutu litanyowa chikasu. Anakhoma geti, analamula kuti makina osakaniza konkire alizidwe, n'kukhala pa ndowa yovundikira. Amisiri anatsinana, ati bwana ali ndi matsire, dzulo anapitiriza muyeso. Nankhata anali pamzere beseni lili pamutu pamene wa makina anamuitana Kapitawo. Mwamunayo anatembenuka thupi lonse, mapewa ndi mutu pamodzi. Pensulo inagwa kukhutu. Sanaweramitse mutu kuiyang'ana. Anapinda mawondo, nkhope ili kutsogolo, n'kumafufuza pansi ndi zala.

Nankhata anaima nji, mpaka wa kumbuyo kwake anamugunda. Anachidziwa chinthucho monga umadziwira kutsokomola kwa m'bale wako kuseri kwa khoma. Ndipo tisanamizane, mtima wake sunamve chisoni ngakhale pang'ono. Unadumpha ndi chimwemwe, chimwemwe choyera, chonga cha munthu amene wadikira basi tsiku lonse n'kuiona ikukhota pakona.

Dzuwa lisanafike pamutu Kapitawo anakasanza, n'kudzikokera m'kanyumba ka simenti. Nankhata anatula beseni, anatunga madzi m'kapu, namulondola. Anamupeza ali gada pa matumba, mkono utaphimba maso, thukuta lili kamukamu. Kanali kanyumba kena pamalo ena, koma fungo la simenti ndi kutentha kwa malata zinali zomwe zija.

"Alamu, mutu ukung'ambika. Khosi lauma. Kauzeni dalaivala anditengere kuchipatala," anatero Kapitawo ndi mawu ang'onoang'ono.

Nankhata anamumwetsa madziwo mofatsa, mpaka kumupukuta pakamwa. Kenako anapisa dzanja m'thumba la shati yake n'kutulutsa makiyi a geti.

"Khosi la ndani silikupweteka pano, alamu? Silabu ithe kaye."

Anatuluka n'kukoka chitseko. Panja anauza anthu kuti bwana akupumula, asasokonezedwe. Dalaivala wa lole, munthu wamantha ndi wachifundo, anafunsa ngati sikungakhale bwino kukamusuzumira. Nankhata anamufunsa ngati waiwala lamulo la pano, ndipo onse anaseka, chifukwa panalibe mmodzi amene lamulolo silinamulumepo. Mayiyu sanachedwetse ntchito, ayi, asamunamizire. Anasenza monga mwa nthawi zonse, mwinanso kuposa. Koma lamba wa makina ataduka masana, n'kutenga nthawi kuti amulumikize, iye anakhala pa njerwa n'kudya buledi wake pang'onopang'ono, maso ali pa kanyumba kamalata.

Imfa ya Kapitawo sankaifuna. Wakufa samva, ndiye mawu a zaka zonsezi akanawauza ndani? Ankangofuna alawe tsiku lathunthu pa matumba, muyeso womwe anamupimira Wailesi, osachotsera, osawonjezera. Choncho beseni lomaliza litakhuthulidwa, amisiri akusalaza pamwamba, iye ndiye anali woyamba kutsegula kanyumbako. Kapitawo anali atadzinyowetsa, akutchula manambala a zitsulo, osazindikira munthu. Nankhata anamukweza pa wilibala yekha, miyendo ili lendelende, kumudutsitsa pakati pa antchito ake onse mpaka pa lole. Kuchipatala nesi asanagwire n'komwe mutu wa wodwalayo, mayiyu anatchula dzina la matendawo. Madzi a pamsana anatuluka oyera mbuu. Dokotala anati mabakiteriya achokera m'khutu lija lonyalanyazidwa, aboola njira mpaka kulowa m'mutu.

Masiku amene Kapitawo anali chikomokere, Nankhata anapemphera kuposa mmene anapempherera moyo wake wonse. Anzake a pamzere ankagoma, ati onani mtima wa mayiyu, kupempherera munthu amene anazunza m'bale wake. Akanamva pempherolo! Ankati Mulungu musamutenge, ndili naye mawu. Mkazi wa penti uja anabwera kamodzi, anaima patali mpango uli pamphuno, n'kusowa.

Dalaivala atabweretsa uthenga woti bwana watsitsimuka ndipo akumwa phala, Nankhata anapempha tchuthi cha tsiku limodzi, chinthu chimene anali asanachitepo. Anasamba, anadzola, anavala diresi yake ya buluu imene inkangotuluka pa maukwati. Anafika nthawi yoona odwala, wodi itadzaza ndi abale a anthu, mabasiketi ndi mafulasiki. Kapitawo anali atatsamira pilo, ataonda, ndevu zili nyankhalala, wopanda pensulo, wopanda makiyi. Nankhata anaima kumiyendo kwa bedi, napinda manja pachifuwa.

"Alamu, ndinakupatsani mwana woimba, inu munandibwezera chikwama ndi munthu wosamva. Ndinakugwadirani pamiyala, inu munayang'ana konkire. Lole imene munamukaniza akufa ndi yomwe munadzamutula nayo pakhomo panga ngati mchenga."

Sanalekere pomwepo. Anatulutsa zonse, mwadongosolo, osaphonya ngakhale liwu limodzi la amene anawakonza pamakwerero. Anakamba za ana amene ankatsanzira mawu a Wailesi, za nyimbo zimene zinathera m'kanyumba ka simenti, za zikhadabo zofiira zimene lero sizikuoneka. M'wodi yonse masipuni anaima m'makapu. Kapitawo ankamuyang'ana pakamwa osaphethira, misozi ikutsika, ndipo Nankhata anamva kukoma kumene sanakumvepo. Pomaliza anazungulira bedi, anawerama, naika pakamwa pake pa khutu labwino lija kuti awa okha asamve wina.

"Ndinadziwa kuyambira m'mawa. Ndinakusiyani dala."

Anaweramuka kuti aone nkhope yake. Kapitawo anamugwira dzanja ndi manja ake onse awiri.

"Zikomo alamu," anatero, ndi mawu okwera kwambiri, okhota, amene Nankhata ankawadziwa bwino. "Andilembera papepala kuti ndinu munandinyamula. Mulungu akudalitseni."

Nesi amene ankasintha dilipi pa bedi loyandikana anamuuza mayiyu motsitsa kuti asadzivute, bamboyu sakumva kanthu, makutu onse awiri anapita. Anati akanabwera naye msanga mwina limodzi likanatsala. Nankhata anaima chilili, dzanja lake lili m'manja mwa Kapitawo, diresi ya buluu itamatirira kumsana ndi thukuta. Anatuluka osatsanzika, ndipo anayenda wapansi mpaka kunyumba.

Nkhani inamufika Wailesi kudzera kwa dalaivala yemwe uja, amene anabweretsa ovolosi yoti igambidwe n'kufotokoza ndi manja zimene akanatha. M'mawa mwake Nankhata anapeza mng'ono wake akuthira tiyi m'fulasiki, atapesa tsitsi. Anamuimira pakhomo, anamupukusira mutu, anamulozera makutu, anamulozera chikwama chija kuti akumbuke. Wailesi anamuyang'ana modekha, namusuntha ndi phewa n'kudutsa. Anapita kuchipatala tsiku limenelo ndi masiku onse otsatira. Kapitawo atatulutsidwa anakapeza loko watsopano pachitseko cha mkazi wa penti, kuntchito ataikapo kale kapitawo wina. Wailesi anabwera naye kunyumba atamugwira pamkono. Nankhata anakuwa mpaka oyandikana nawo kutuluka, kuti munthu ameneyu salowa muno, koma amene ankawakuwirawo anali atalowa kale ndipo ankayala mphasa.

Ndi mmene zilili mpaka lero. Nankhata akaweruka amawapeza awiriwo pakhonde, wina pa makina osokera, wina akudula ulusi, manja ali m'mwamba kuuluka. Kapitawo anaphunzira msanga, poti analibe chochita china. Wailesi wayambanso kutsanzira anthu, tsopano ndi nkhope ndi zala, ndipo mwamunayo amaseka mpaka kutsokomola. Nankhata amawalambalala n'kukakhala m'nyumba. Nthawi zina Kapitawo akamasesa pabwalo iye amaima kumbuyo kwake n'kumuuza zonse zija kuyambira pachiyambi, tsache likungopita. Mwamunayo akatembenuka amamwetulira, n'kuika dzanja pamtima. Palibe chimene chimamuwotcha Nankhata ngati dzanja limenelo. Kulemba satha, ndipo mawu oterewa sungapemphe mwana wa eni akulembere.

Lamulungu lina masana, Kapitawo atapita kokameta, Nankhata anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana ndi mng'ono wake. Anatambasula manja ake a fosholo aja patebulo, nawagwedeza kusonyeza kuti akufuna kuphunzira. Wailesi anadzidzimuka, kenako nkhope yonse inawala. Anadikira zimenezi zaka zingati! Anakankhira nsalu pambali, anayamba kumuonetsa moni, m'bale, chikondi, koma Nankhata anamugwira manja kuti aime. Panali liwu limene ankafuna loyamba.

Anatenga kapu yapulasitiki n'kuigunda ndi chigongono, inagwa. Wailesi anaseka n'kumuonetsa chizindikiro cha ngozi. Nankhata anapukusa mutu. Anatola kapuyo, anaiika pakati pa tebulo, ndipo akumuyang'ana mng'ono wake m'maso anaikankha ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, mpaka kumapeto, mpaka inagwa.

Kuseka kwa Wailesi kunatha. Anayang'ana kapu pansi, anayang'ana nsapato zakale za Kapitawo zimene zinali pakhomo, anamuyang'ana mkulu wake nthawi yaitali. Kenako anakweza manja n'kumuonetsa mmene amanenera kuti dala. Nankhata anayesa, zala zinakana kupindika. Anayesanso.